Model ikusokoneza zotsekemera ndi zowawa, thandizeni msanga

wa_labu: Anzanga, mutu waima. Ndaphunzitsa model ya pa kompyuta (random forest) yolosera kutsekemera kwa mamolekyu pa SweetenersDB, nkhokwe ya data ya zotsekemera, fingerprint (manambala ofotokoza kapangidwe ka molekyu) za Morgan za mu pulogalamu ya RDKit, target (chimene model ikulosera) ndi log ya kutsekemera poyerekeza ndi sucrose, shuga wamba. Pa test manambala ndi okongola. Koma ndikaipatsa mamolekyu atsopano, chilichonse chokhala ndi kachigawo kotchedwa guanidine ikuchikweza kumwamba, ndipo D-tryptophan ndi L-tryptophan ikuwapatsa yankho limodzi, chonsecho woyambayo amatsekemera, winayo amawawa. Abwana akufuna mndandanda woti tiyitanitse sabata ino. Ndigwire pati?

mlosi_wa_QSAR: Za tryptophan n'zosavuta achimwene, yatsani useChirality mu RDKit, apo ayi fingerprint siona kusiyana kwa D ndi L, omwe ali ngati dzanja lamanja ndi lamanzere. Za guanidinezo, data munaigawa bwanji pakati pa yophunzitsira ndi ya test? Ngati munangogawa mwachisawawa, abale ake a lugduname, chotsekemera chokhala ndi guanidine, ali mbali zonse ziwiri, ndipo iye yekha amaposa shuga ka 200,000. Model yangoloweza banja limenelo. Gawani potengera scaffold (chimango cha molekyu), muone mmene manambala agwere.

mai_sensory: Vuto si model. Mamolekyu a mu SweetenersDB angopitirira pang'ono 300, ndipo anayezedwa ndi malilime a anthu osiyana, zaka zosiyana. Kutsekemera kumasinthanso malinga ndi kuchuluka kwa shuga amene mukuyerekeza naye. Nambala imodzi pa molekyu siikwanira.

kachipangizo: Ife tinapanga molekyu imene kompyuta inaitamanda, tinaipatsa makoswe, osaonetsa chidwi ngakhale pang'ono. Ntchito inaimitsidwa pomwepo, wina asanakumbutse akuluakulu kuti makoswe samva kutsekemera kwa aspartame. Ndimadandaulabe mpaka lero. Ngati mungathe, yesani pa maselo a mu labu a HEK293 okhala ndi T1R2/T1R3 ya munthu, receptor imene imamva kutsekemera pa lilime.

mlosi_wa_QSAR: Zoona. Dziwaninso kuti receptor imeneyi ili ndi malo angapo omangirira. Aspartame amagwira pa T1R2, cyclamate amagwira mkati mwa T1R3. Model imodzi ikuphunzira nkhani ziwiri nthawi imodzi.

mai_sensory: Ndibwerezanso, musinthe split, musinthe algorithm, data ndi yomweyo. Saccharin mu 1879, aspartame mu 1965, sucralose mu 1976, zonsezi anazipeza ndi lilime.

kachipangizo: Mai, mawu amenewo ana a mu labu angawamve molakwika. Schlatter, amene anapeza aspartame, ananyambita chala n'kupulumuka, koma dulcin ankatsekemera bwinobwino ndipo analetsedwa chifukwa ndi poizoni. Pasapezeke wolawa chinthu chisanayezedwe toxicity, chonde.

wakale_pantchito: Ndipo musanayitanitse, mndandandawo udutsenso pa model ya zowawa, BitterDB (nkhokwe ya data ya zowawa) ilipo. Saccharin ndi acesulfame K zimadzutsa TAS2R31 ndi TAS2R43, ma receptor omva kuwawa, n'chifukwa chake zimasiya kuwawa kukhosi. Onaninso kutentha, aspartame amaphwasuka mu uvuni. Auzeni abwanawo kuti sabata ino sizitheka.

mai_sensory: Sindinanene kuti alawe. Ndikunena kuti popanda panel yanuyanu ya anthu olawa yoyeza mofanana, mukumanga pa mchenga. Kodi alipo amene ali ndi manambala a Reb M ndi Reb A (zotsekemera za mu chomera cha stevia) oyezedwa ndi panel imodzi?