Andidula K80,000 pa ndalama ya maphunziro, kodi ndi momwemo?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, makamaka inu odziwa za misonkho.

Ndikuchita masters, ndipo kafukufuku wanga ndi wa alimi ang'onoang'ono a tiyi kuno ku Thyolo. Bungwe lina limandilipirira fizi, komanso pakalata yomwe ndinasainira analemba kuti ndizilandira K400,000 pamwezi yodyera ndi kulipira nyumba. Miyezi itatu yoyamba inkalowa yonse. Dzana ndili pa Luchenza kudikira minibasi, foni inalira, uthenga wa kubanki: K320,000. Ndinawerenga kawiri, mpaka minibasi inandisiya.

Nditaimba ku ofesi yawo, anangoti ndi withholding tax (msonkho wodulidwiratu ndalama isanakufikeni) ya 20 peresenti, yapita ku bungwe lotolera misonkho la MRA. Pepala losonyeza zimenezi sanandipatse.

Chikundizunguza mutu ndi ichi. Ine sindine wantchito wawo, komanso palibe chomwe ndawagulitsa. Akanakhala kuti akunditenga ngati wantchito bwenzi akudula PAYE, msonkho wa pa malipiro a antchito, ndipo nditawerengetsa ndi ziwerengero zomwe zinayamba mu April 2024, pomwe K150,000 yoyamba inalibe msonkho ndipo yotsatirayo ankadula 25 peresenti, ikanakhala K62,500. Nanga ndalama yothandizira wophunzira imagwa mbali iti?

Msonkho sindikukana. Koma K80,000 imeneyo ndi imene ndimakwerera kabaza kupita kwa alimi kumapiriko, ndipo mvula ikagwa anyamata a njinga amakweza mtengo. Pomweponso ndimapatulapo kangachepe ka mankhwala a BP a mayi anga. Ndikuopa kulimbana nawo kwambiri, angandione ngati wosayamika.

Yankho: Achimwene, musaope, kufunsa si mwano. Choyamba akupatseni satifiketi ya withholding tax yokhala ndi TPIN yanu, nambala yokuzindikirani ngati wokhoma msonkho. Ngati TPIN mulibe, kalembetseni. Withholding nthawi zambiri ndi msonkho wolipiriratu, chaka cha msonkho chikatha pa 31 March mumapereka return (fomu yosonyeza ndalama zomwe mwapeza m'chakacho), ndipo ngati anadula mopitirira mutha kupempha kuti akubwezereni.

Yankho: Werenganinso kalata yanuyo bwinobwino. Kodi muli mawu oti muziwalembera malipoti kapena kuwatolera data? Ngati alimo, mwina ndi pamene akukutengerani ngati munthu wowagwirira ntchito. Itengeni mupite nayo ku Msonkho House ku Blantyre, akakuuzeni okha eni ake.

Zikomo kwambiri nonse. Ndayang'anadi, patsamba lachiwiri pali mawu oti ndizipereka lipoti miyezi itatu iliyonse. Lolemba ndilawirira ku Blantyre. Kupatula kalatayo ndi chitupa cha unzika, ndinyamulenso chiyani? Ndalama yoyendera kawiri ndilibe.