Gemu ya madola 70, ndigule panopa kapena ndidikire itsike?

UtaNdiMuvi

Moni nonse muno. Ine ndi uja osewera Skyrim mpaka lero, ndikudziwa museka poti inatuluka kalekale mu 2011 koma ndi imene laputopu yanga imakwanitsa bwinobwino. Vuto ndi loti yandikwana. Ndikayamba kachikena ndimati ulendo uno ndikhala wamatsenga, moto ndi mphezi basi, koma kungolowa mu Bleak Falls Barrow ndapezeka kale ndanyamula uta ndikuyenda chonyonyomala kumbuyo kwa ma draugr, mitembo yoyenda ija kkkk. Alduin ndinapha, Dark Brotherhood ndinamaliza, nyumba ku Whiterun ndili nayo, palibenso chondidabwitsa.

Nde ndimafuna ina yangati yomweyi, ya malupanga, zinjoka, matsenga, yoti ukonze wekha munthu wako n'kumangoyendayenda. Ndalowa pa Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta, mutu wangoima. Dragon's Dogma 2 madola 70, Baldur's Gate 3 madola 60, Elden Ring 60 kenako akuti Shadow of the Erdtree, gawo lake lowonjezera, uwonjezerenso 40. Kodi zinthuzi zinakwera liti chonchi abale? Ndipo mwa zimenezi ndi iti yoti munthu angatulutsire ndalama yonse osadandaula, kapena ndingodikira sale?

MkuluWaMaKatiriji

Mphwanga mtengo wa 60 uja unabwera nthawi ya Xbox 360 ndi PS3, cha m'ma 2005 ndi 2006, ndipo unakhala pompo zaka pafupifupi 15 osasuntha. Zinasintha mu 2020 PS5 ndi Xbox Series X zikutuluka, NBA 2K21 inayambitsa za 70, Sony nayo osachedwa Demon's Souls 70, ena onse ataona kuti anthu akugulabe anangotsatira. Nintendo anachita zomwezo ndi Tears of the Kingdom mu 2023, kenako mu 2025 Mario Kart World ya pa Switch 2 anaiika pa 80. Microsoft anayesanso 80 pa The Outer Worlds 2 koma anthu atalalata kwambiri anabweza pa 70 gemuyo isanatuluke n'komwe, nde usaganize kuti kudandaula sikugwira ntchito.

Makampaniwa amati kupanga gemu masiku ano kukudula, anthu mazanamazana kugwira ntchito zaka zisanu kapena kuposa, ndipo sitolo ngati Steam imadula yake 30 peresenti pa zambiri zomwe zagulitsidwa. Pamenepo sakunama, komanso dola ya 2006 si dola ya lero. Chomwe sanena ndi choti kale amayenera kudinda ma disiki, mabokosi, kutumiza m'masitolo, pomwe lero ambiri timangopanga download, komanso osewera achuluka kwambiri, komanso ukagula gemuyo akudikiranso kutsogolo ndi DLC (zowonjezera pa gemu zogula padera), deluxe edition, zovala za munthu wako ndi zina zotero.

Langizo langa, gemu yosewera wekha usamaigule tsiku lotuluka. Siwola. Ya pa intaneti yosewera ndi anzako ndimamvetsa, ukachedwa upeza anzako anapita patali, koma chinjoka cha mu RPG (gemu yankhani ngati Skyrim) chikudikira ngakhale zaka zitatu, ndipo nthawi imeneyo ma bug akonza, DLC aiphatikiza momwemo, mtengo watsika. Amene analipiriratu Cyberpunk 2077 mu 2020 pa PS4 akuuza, inatuluka yosweka mpaka Sony anaichotsa pa sitolo yawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Steam imakhala ndi sale yaikulu cha mu June ndi ina mu December, ika magemu ako pa wishlist akutumizira uthenga akatsitsa. The Witcher 3 yonse ndi ma expansion ake awiri imafika mpaka madola 10 pa sale, ndipo Blood and Wine yokhayo ndi yaikulu kuposa magemu ena a 70. Kungoti mmenemo sukonza munthu wako, ndiwe Geralt basi, ufune usafune.

Tiefling_wa_Mavuto

Ine ndikutsutsanako pang'ono ndi akuluwa. Baldur's Gate 3 ndiyoyenera ndalama yake yonse ndipo ukamadikira kuti ifike pa 10 udikira mpaka imvi, imatsika pang'ono chabe. A Larian, omwe anaipanga, sanaikemo sitolo yogulitsa tizinthu mkati mwa gemu, walipira kamodzi zatha, ndipo ma patch akuluakulu okonza gemuyo omwe anabwera pambuyo pa 2023 anali aulere. Makampani otere ndi amene ndimafuna adye ndalama yanga kuti enawo aone.

Koma dziwiratu kuti si Skyrim. Ndewu zake n'zosinthana, iwe umenye kenako mdani amenye, malamulo ake ndi a Dungeons & Dragons, zambiri zimadalira dayisi ya mbali 20. Ukufuna kunamiza mlonda kuti akulowetse, dayisi ikugubuduzika pa sikirini iwe mtima uli m'mwamba, yagwa pa 1, basi mlonda uja wasolola lupanga ndipo kampu yonse yakuukira. Ukhoza kuyankhula ndi agalu ndi makoswe, kufunsa mafunso mitembo, kapena bwana wa adani amene amakuvuta kungomukankhira kuphompho nkhani yatha, ngakhale katundu wake amapita naye limodzi kkkk. Ngati umakonda kungothamanga n'kumatema chilichonse ikutopetsa, zolankhula ndi zambiri heve.

Wafanso

Elden Ring amwene ndi nkhani ina. Ukangotuluka panja ku Limgrave, dera loyambira, pali chimunthu chagolide chili pa hatchi, Tree Sentinel, chikungoyendayenda pafupi ndi katchalitchi. Aliyense wochokera ku Skyrim amati aaa mdani woyamba ameneyu ndithana naye, kumenyedwa kawiri basi wagona. Gemuyo ikukuphunzitsa kuti uzilambalala, ukabwerenso utakula. Ndipo mulibe muvi uja wokulozera kuti quest ili uku, munthu akuyankhula nawe mophiphiritsa kenako wasowa, umusake wekha. Ukafa ma rune ako onse, ndalama za mu gemumo, amatsala pomwe wafera, ukafanso usanawatole apita.

Ine ndimaikonda koopsa koma sindingauze munthu kuti ponya 60 usanaiyese. Ndipo Shadow of the Erdtree usaiwerengere panopa, sungalowemo n'komwe usanaphe mabwana a adani Radahn ndi Mohg, amenewo ali kutali kwambiri kwa munthu amene sanadutse Margit, bwana wa koyambirira.

Dragon's Dogma 2 yokha ndi imene inandinyansa nkhani yake. Gemu ya 70 koma tsiku lotuluka lomwelo mu 2024 Capcom, eni gemuyo, anali ataika kale tizinthu togula padera, monga mwala woyendera msanga ndi kosinthira nkhope ya munthu wako. Ndi zoona kuti zimapezekanso mkati mwa gemu osalipira, koma mwano wake ndi umenewo. Mu 2006 anthu anaseka Bethesda, opanga Skyrim, pogulitsa zovala za hatchi mu Oblivion pa madola awiri ndi theka, lero taonani pomwe tafika.

MkuluWaMaKatiriji

Poyesa pali njira. Steam imabweza ndalama ngati sipanathe masiku 14 chigulireni komanso ngati sunasewere kupitirira maola awiri. Kungoti pa RPG maola awiri ndi chani, ena amathera pokonza mphuno ndi tsitsi la munthu wawo. Tenga nkhope iliyonse, thamangira ku ndewu yoyamba uone ngati ikukukomera komanso ngati makina ako akuikwanitsa, zokongoletsazo udzayambiranso.

ChimwemweChaMaSave

Ine chimene chimandisowetsa mtendere ndi masamu aja anthu amakonda, akuti madola 70 ukagawa ndi maola 100 ndi zotchipa. Maola 100 a chani? Magemu ena amadzadza mapu ndi tizizindikiro, pita ukatole zikopa za mimbulu khumi, pita ukapereke kalata, kubwerera, kukwera nsanja ina yofanana ndi yoyamba ija. Amenewo si maola osangalala, ndi ganyu yoti ukulipira ndiwe. Quest imodzi ya Bloody Baron mu Witcher 3, pomwe ukufufuza za mkazi ndi mwana wa munthu woledzera wankhanza uja n'kupezeka kuti ukumumveranso chisoni pang'ono, imaposa mapu athunthu a magemu ena.

Komanso si onse akuthamangira 70. Clair Obscur: Expedition 33 ya timu yaing'ono ya ku France inatuluka mu April 2025 pa madola 50, Oblivion Remastered mwezi womwewo 50, ndipo zonse ziwiri zinalowa pa Game Pass ya Microsoft, yolipira pamwezi kuti uzisewera magemu ambiri, tsiku loyamba. Game Pass ndi lendi, ukasiya kulipira magemu apita, nde kwa munthu wosewera gemu imodzi chaka chonse ngati iweyo sindikuona phindu lake.

UtaNdiMuvi

Zikomo nonse, ndatolapo zambiri. Mtima wapita ku Baldur's Gate 3 chifukwa cha nkhani yokankhira anthu kuphompho ija kkkk. Laputopu yanga ili ndi RAM ya 8GB, graphics card yapadera ilibe, ndi ija ya Intel yomwe imabwera momwemo. Ingayende?

Tiefling_wa_Mavuto

Ayi aise, sunga ndalama zako. Imafuna graphics card yosachepera GTX 970 ndi malo okwana 150GB pa SSD, ndipo ukafika Act 3 mu mzinda muja anthu ali piringupiringu ngakhale makina abwino amapuma movutikira. Elden Ring ndiye iwalako, imafuna RAM ya 12GB. Oblivion Remastered nayo ndi yolemera, usapusitsidwe ndi dzina lakalelo.

Wafanso

Ngati Skyrim uli nayo kale pa Steam, saka Enderal: Forgotten Stories. Ndi yaulere, anapanga ndi gulu la ma modder (okonda magemu omwe amawasintha okha) lotchedwa SureAI, imagwiritsa ntchito injini ya Skyrim koma dziko ndi lina, nkhani ina, anthu oyankhula ndi mawu awoawo, ndipo ma level ake sakwera mwa kungobwereza chinthu chimodzi ngati mu Skyrim, umagula mabuku ophunzirira luso. Ilipo ya Skyrim yakale ndi ya Special Edition, uonetsetse kuti watenga yogwirizana ndi yomwe uli nayo. Ikatha imeneyo yang'ana Dragon Age: Origins ya 2009 pa sale, imayenda pa makina ofooka. Divinity: Original Sin 2 ndi ya a Larian omwewo ndipo ndewu zake n'zosinthana ngati za Baldur's Gate 3, koma pa khadi la Intel uyambe watsitsa ma setting onse, ikamakokabe uibweze maola awiri aja asanakwane.