Tapempha thandizo la laibulale koma kuli zii, tikuphonya pati?

Madamu a ku Limbuli: Mwaswera bwanji aphunzitsi anzanga. Ahedi anandipatsa udindo woyang'anira laibulale pasukulu pathu, koma laibulaleyo ndi dzina chabe. Mabuku ambiri ananyowa nthawi ya Freddy mu Malichi 2023, pamene makalasi anasanduka kampu ya anthu othawa madzi. Otsalawo ali m'makatoni mu ofesi ya ahedi. Ndinalemba proposal yopempha nyumba ya laibulale, mashelefu, mabuku, makompyuta ndi sola, tinaitumiza ku mabungwe angapo. Ena sanayankhe n'komwe, ena anangoti sathandiza zomangamanga. Amene munapezapo thandizo, munalowera khomo liti?

Aphunzitsi a ku Luchenza: Madamu, mundikhululukire ndilankhula mosapsatira. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mwaika zinthu zisanu m'kalata imodzi, pomwe chilichonse chili ndi mwini wake. Bungwe lopereka mabuku siligula simenti, ndipo lomanga midadada silisankha mabuku. Wowerenga kalata yanu akangoona mawu oti "nyumba" amaiika pambali, mabuku amene akanakupatsaniwo osafikako n'komwe. Igaweni.

Madamu a ku Limbuli: Ndamva Sala. Koma tikagawa tiyambe ndi chiti? Ine ndimaganiza kuti popanda nyumba palibe chimene tingachite.

Aphunzitsi a ku Luchenza: Yambani ndi chipinda, osati nyumba. Mulibe sitolo kapena kalasi yakale?

Madamu a ku Limbuli: Ilipo sitolo imene timasungamo madesiki othyoka ndi makasu. Ili ndi chitseko, zenera limodzi. Denga limadontha pakona.

Mayi a ku TDC (likulu la aphunzitsi a m'zoni), Thyolo: Basitu laibulale yanu ndi imeneyo. Ndikuuzeni chifukwa chake. Opereka mabuku ambiri amafunsa zinthu zofanana: chipinda chokhoma chilipo? Mashelefu alipo? Komiti ilipo? Alipo munthu amene azitsegula ndi kulemba obwereka? African Library Project ya ku America, imene yakhala ikutumiza mabuku pafupifupi 1,000 pa laibulale imodzi, imadalira kuti malo, mashelefu ndi woyang'anira zichokere kwa olandira. Iwo gawo lawo ndi mabuku. Ndiye kalata yonena kuti "tilibe kalikonse" siwachititsa chifundo, imawaopseza. Amaona makatoni awo akudyedwa ndi chiswe.

Ndalama yokonzera sitoloyo musaifune kutali. Ili mu SIG, ndalama imene boma limapereka yotukulira sukulu. Vuto ndi loti SIG imatsata zimene zalembedwa mu SIP, pulani yotukulira sukulu, ndipo laibulale ikapanda kulowa m'pulaniyo ahedi sangatapepo ndalama ngakhale atafuna. Pitani kwa ahedi ndi wapampando wa SMC, komiti yoyendetsa sukulu, msonkhano wokonza pulani usanachitike. Musapemphe "laibulale" ayi. Pemphani malata oti mutseke podonthapo, loko, matabwa, misomali, laimu ndi hadikava yolembamo obwereka. Zinthu zotchulika mayina zimadutsa msanga pamsonkhano kusiyana ndi liwu lalikulu limene aliyense akulimva mwakemwake.

Aphunzitsi a ku Chonde: Mayi, SIG yakeyo iti? Imene imabwera mochedwa, n'kupeza choko chatha, zimbudzi zadzaza? Makolo sangalole matabwa a mashelefu pamene ana akukhala pansi.

Mayi a ku TDC, Thyolo: Zoona, ndi yochepa. N'chifukwa chake ndikuti apemphe malata ndi loko, osati nyumba. Ndipo madesiki othyoka ali m'sitolomo si matabwa kodi? Kalipentala wa m'mudzi akhoza kutulutsamo mashelefu awiri atatu, zitsulo zake n'kukhala miyendo. Kungoti ahedi alembe kaye kuti madesikiwo anatha ntchito, kuopa mafunso a owerengera katundu.

Madamu a ku Limbuli: Iiii, za madesikizo sindinaziganizeko. Nanga mabuku?

Woyang'anira laibulale ya CDSS, Bvumbwe: Mabuku yambani ndi National Library Service. Anthu timathamangira kulembera azungu pa intaneti, kuiwala kuti tili ndi bungwe la boma limene ntchito yake ndi yomweyi. Likulu lili ku Lilongwe, koma ku Blantyre kulinso nthambi yake. Book Aid International ya ku London situmiza mabuku kusukulu imodziimodzi, imadzera mwa mabungwe amene imagwira nawo ntchito m'dziko, ndipo kuno National Library Service ndi limodzi mwa iwo. Ndiye mukalembera ku London mwachindunji mungotaya nthawi.

Kalata ikhale ya tsamba limodzi, yosainidwa ndi ahedi, chidindo cha sukulu, ndipo idzere kwa a PEA, alangizi a maphunziro a m'zoni, kuti aikepo dzanja. Mulembemo chiwerengero cha ana kalasi ndi kalasi, anyamata ndi atsikana padera, mabuku amene muli nawo panopa, dzina la mphunzitsi woyang'anira, masiku ndi maola otsegulira. Muphatikizepo chithunzi cha chipinda chitakonzedwa ndi maminitsi a komiti. Funsaninso ngati angakuphunzitseni kasanjidwe ka mabuku. Ndipo mukonzekere thiransipoti yokatengera, imeneyo imakhala yanu.

Aphunzitsi a ku Chonde: Ine ndinamva za Books For Africa, akuti amapereka kontena yathunthu.

Woyang'anira laibulale ya CDSS, Bvumbwe: Amapereka, ali ku Minnesota. Kontena imodzi imanyamula mabuku opitirira 20,000, koma ndalama yotumizira imafunika ipezeke kumbali ya olandira kapena wowalipirira. Imeneyo si ya sukulu imodzi. Ndi nkhani ya boma lonse la Mulanje kudzera ku ofesi ya maphunziro, kapena mpingo umene uli ndi sukulu zambiri. Madamuwa aisiye kaye.

Agogo opuma ntchito, Likhubula: Ana anga, ndalowerera. Nonse mukukamba zopeza mabuku, palibe akukamba zowasunga. Kuno si ku Nsanje. Chiperoni chikagwa mu Juni ndi Julaye khoma limachita thukuta, ndipo buku logunda khoma limachita nguwi, masamba n'kumatana. Shelefu italikirane ndi khoma mpata wolowa dzanja. Thabwa la pansi likwere kufika m'bondo, chifukwa madzi akalowa amayamba ndi za pansi, mwaziona kale nokha. Miyendo ya shelefu ipakidwe oyilo wakutha kuopa chiswe, ndipo muziyang'ana tinjira tadothi kuseri sabata iliyonse. Zenera lizitsegulidwa dzuwa likawala. Makatoni ali mu ofesi ya ahediwo atsegulidwe mawa lomwe, a nguwi apatulidwe asapatsire anzawo.

Wina akakuuzani kuti ali ndi matabwa a mkungudza osadyedwa chiswe, mukane. Mtengo umenewo ndi wotetezedwa, watsala pang'ono kutheratu m'phirimu, mungamangidwe chifukwa cha shelefu. Paini ndi bulugamu zikwanira.

Madamu a ku Limbuli: Zikomo agogo, makatoniwo ali pasimenti penipeni. Ndiwakweza mawa.

Madamu a Sitandade 2, Thekerani: Ine nkhawa yanga ndi ina. Mabuku ochokera kunja ambiri ndi a Chingerezi cholimba, nkhani zake za chipale chofewa ndi nyama zimene mwana wa kuno sanazionepo. A Sitandade 7 ndi 8 amapindula, koma wa Sitandade 2 amangoona zithunzi n'kutseka. M'kalatamo mutchule kuti mukufuna a ana oyamba kuwerenga, ndi a Chichewa ngati alipo. Mukapanda kutchula mulandira chilichonse chimene chili pafupi ndi khomo. Komanso pa intaneti pali African Storybook, nthano zake ndi zaulere, zina zili m'Chichewa, ndipo amalola kusindikiza. Ife timasindikiza, kusoka ndi ulusi, chikuto cha katoni. Zimagwirizana bwino ndi zimene ana akuphunzira mu National Reading Programme. Zikang'ambika mtima supweteka, timasindikizanso.

Aphunzitsi a ku Chonde: Chabwino, koma nyumba yeniyeni aiwale basi?

Aphunzitsi a ku Luchenza: Ayi, ibwera pambuyo, ndipo makomo ake ndi ena. CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, imayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kupita ku ya dera la mfumu yaikulu (ADC), ndiye agulupu ndi akhansala ayenera kuimva nkhaniyi kuchokera kwa makolo, osati kwa mphunzitsi yekha. Press Trust imathandiza zomanga za maphunziro. Ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe ili ndi thumba la ntchito za m'midzi limene lamangapo midadada ya sukulu. Ndipo Madamu muli m'dera la tiyi. Alimi ang'onoang'ono amene amagulitsa tiyi wa Fairtrade, monga a Sukambizi ku Mulanje kuno, amalandira ndalama yowonjezera yachitukuko, ndipo amene amasankha ntchito yake ndi alimi eni ake pamsonkhano wawo. Alimiwo ndi makolo a ana anu omwewo. Fufuzani mu PTA ndani ali membala. Onsewa adzafuna kuona hadikava ya obwereka yodzaza mayina, mchenga ndi njerwa zochokera kumudzi.

Woyang'anira laibulale ya CDSS, Bvumbwe: Chenjezo limodzi. Pakuyenda mauthenga pa WhatsApp oti sukulu yanu yasankhidwa kulandira thandizo, tumizani ndalama yolembetsera pafoni. Musatumize. Funsani a PEA kaye.

Madamu a ku Limbuli: Ndathokoza nonse. Ndalankhula ndi ahedi pafoni, avomera za sitoloyo, makasu apita kukhitchini ya phala. SMC ikumana Lachisanu, ndikapereka mndandanda wa malata, loko, misomali ndi laimu. Makompyuta ndi sola ndazichotsamo. Achimwene a ku Bvumbwe, munganditumizireko kalata imene munalembayo ndionere kalembedwe?

Woyang'anira laibulale ya CDSS, Bvumbwe: Ndikutumizirani madzulo ano magetsi akayaka. Yanuyo musaitumize chipinda chisanapakidwe laimu, chithunzicho chipite limodzi ndi kalata.