Tisamukire ku Lilongwe chifukwa cha sukulu ya mwana? Ndithandizeni nzeru

Moni nonse apagulu. A admin chonde mundibisire dzina.

Ndine mayi wa ana atatu, timakhala ku Ntchisi. Mwana wathu woyamba, wamkazi, atakhoza Sitandade 8 anasankhidwira ku CDSS ya kwathu konkuno, pano ali Fomu 2. Amadzuka 4 koloko, kumwa phala, n'kupalasa njinga ya bambo ake. Dzinja mtsinje ukadzaza, tsikulo sukulu palibe. Labotale kusukuluko kulibe. Tsiku lina usiku ndinamupeza pa tochi akujambula maikulosikopu kuchokera m'buku lobwereka, akuloweza ziwalo zake, chinthu choti sanachikhudzepo n'kamodzi komwe. Ndinalowa kuchipinda misozi ili chuchuchu.

Mwanayu amalota unamwino. Koma kaya ndi ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kaya ku makoleji a zaumoyo a mipingo a CHAM, popanda kukhoza bwino Biology, Chemistry ndi Physics pa MSCE sangamutenge.

Achimwene anga a ku Area 25 akuti bwerani, nyumba ya lendi ipezeka, pafupi pali pulayiveti yabwino. Ine mtima unagwa kale pomwepo. Bambo a kunyumba akukanitsitsa, ndipo sindingawanene. Timadya za m'munda, soya ndi mtedza ndi zomwe zimalipira fizi. Kutauni ufa n'ngogula, makala n'ngogula, madzi omwe. Apongozi anga akalamba, ndife timawasamala. Komanso munda ukausiyira achibale zaka ziwiri, kuutenganso mpaka kwa amfumu.

Za self-boarding musandiuze chonde. Atsikana awiri a m'mudzi mwathu anachita lendi pafupi ndi sukulu, ufa utawathera anapeza owagulira, onse anabwerako ndi pathupi. Kumutumiza yekha kwa achimwene ndikuopanso, alamu anga ali ndi khanda, mwana wanga angasanduke mlezi.

Amene munasamukapo chifukwa cha sukulu, zinakuyenderani bwanji? Nanga kusintha sukulu polowa Fomu 3 sikumusokoneza mwana?

Yankho: Mayi, ife tinasamuka ku Dowa ndi nkhani ngati yomweyi. Teremu yachiwiri lendi ndi fizi zinakumana mwezi umodzi, mwana anakhala pakhomo masabata atatu. Musanasamuke dziwani kaye kuti kutauniko muzikadya chiyani.

Yankho: Ndine mphunzitsi wa sekondale. Polowa Fomu 3 ndi nthawi yabwino yosinthira, chifukwa ndi pomwe ana amasankha maphunziro awo a MSCE. Koma kusamutsa banja lonse ayi. Ndalama ya lendiyo mulipirire sukulu yogonera konko ya atsikana. Mupite nokha mukaone labotale, muone ngati muli zipangizo, mufunsenso ngati sukuluyo ili ndi senta nambala ya MANEB.

Mwini funso: Zikomo aphunzitsi. Zogonera konko sitinaziwerengere bwino, tinkangoti n'zodula. Madzulo ano tikhala pansi ndi bambo ake, tione kuti matumba a soya a chaka chino angafike pati. Amene mukudziwa boding'i ya atsikana yodalirika cha ku Dowa, Kasungu kapena Lilongwe, nditchulireni.