Tanthauzo la "m'mera mpoyamba" pa nkhani ya estrogen ndi mtima

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi woti "m'mera mpoyamba" umatanthauzanji kwenikweni? Ena akuutchula pokamba za amayi osiya kusamba amene amalandira estrogen, mankhwala a mahomoni achikazi. Zikugwirizana pati?

Woyankha woyamba:
M'mera ndi mbewu yongotuluka kumene m'nthaka, timasamba tiwiri titatu. "Mpoyamba" ndi kufupikitsa "ndi poyamba". Ukaupalira ukadali wanthete umabereka, koma ukaulekerera mpaka ufiirire m'tchire, khasu silingaudzutsenso.

Woyankha wachiwiri:
Pamenepo mwalasa. Estrogen amathandiza khungu la m'kati mwa mitsempha ya magazi kupanga mpweya wotchedwa nitric oxide, umene umafutukula mitsempha munthu akamathamanga kapena kukwera chitunda. Mayi akasiya kusamba, kawirikawiri cha m'ma 50, mitsempha imayamba kuuma, BP imakwera kwambiri pochita masewera, mtima n'kumakankha magazi movutikira.

Nthawi yoyambira ndiye nkhani. Kafukufuku wa ELITE wa 2016 anapeza kuti estradiol, mtundu wina wa estrogen, anachedwetsa kukhuthala kwa mitsempha ya m'khosi mwa amayi amene anali asanathe zaka 6 chisiyireni kusamba. Mwa amene anapitirira zaka 10 sanathandize. Mu kafukufuku wina wamkulu wotchedwa WHI, mbali yopatsa amayi estrogen pamodzi ndi progestin (mankhwala ena a mahomoni) inaimitsidwa mu 2002. Pa avareji amayiwo anali a zaka 63, ndipo sitiroko ndi kuundana kwa magazi zinachuluka. Mtsempha umene wadzaza kale mafuta ndiwo m'mera wofiirira uja.

Woyankha wachitatu:
Zoona, koma mwambiwu tisaukoke mopitirira. Ngakhale mayi ayambe msanga, asanakwane zaka 60, estrogen sapatsidwa pofuna kuteteza mtima. Ntchito yake n'kuchepetsa kutentha thupi mwadzidzidzi ndi thukuta la usiku. Mphamvu yoyenda mtunda wopanda befu imabwera ndi masewera enieniwo, mphindi 150 pa sabata, mwaliwiro loti ungalankhule koma osatha kuimba.

Chimene chimaiwalika n'chakuti estrogen amatha kusokoneza ECG, kuyeza kagundidwe ka mtima munthu akuyenda pa makina, n'kuonetsa ngati mtima ukusowa magazi pomwe uli bwino. Mayi auziretu dokotala asanakwerepo. Mapiritsi a estrogen amadzera m'chiwindi n'kuwonjezera zoundanitsa magazi. Ndi estrogen womata pakhungu, ngoziyi n'njocheperako. Amene ali ndi chiberekero ayenera kuphatikiza progestogen (gulu la mankhwala monga progestin uja), apo ayi khansa ya m'kati mwa chiberekero imayandikira. Ndipo mayi akamva kuthina pachifuwa ali mkati moyenda, aime pomwepo, akaonedwe tsiku lomwelo.