Ndiphike bwanji kuti alendo a zipembedzo zosiyana adyere limodzi?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Ndapatsidwa udindo wokonza chakudya cha msonkhano wa anthu a zipembedzo zosiyanasiyana, ndipo sindikufuna kuti wina akhale ndi njala kapena adyetsedwe chimene chikhulupiriro chake chimaletsa.

Nkhumba ndaichotsa kale, chifukwa Asilamu, Ayuda ndi a Seventh-day Adventist saidya. Ng'ombe nayonso ndaisiya polemekeza Ahindu. Koma nkhuku yandiimitsa mutu. Msilamu amafuna nyama yozingidwa mwa halal, potchula dzina la Allah, pamene Msikh (wa chipembedzo cha Sikh chochokera ku India) wobatizidwa amaletsedwa kudya nyama yophedwa mwa mwambo wotere. Ndiye nkhuku imodzi singakondweretse onse awiri.

Ndinaganiza zothawira ku ndiwo zamasamba, koma a chipembedzo cha Jain chochokera ku India sadya anyezi, adyo ndi mbatata, poti kuzula zomera za pansi pa nthaka kumapha tizilombo tokhala mmenemo. Chimenechi ndimachilemekeza kwambiri, ngakhale chikundivutitsa pophika. Nsomba nazo, Levitiko 11, imene Ayuda ndi a Adventist amatsatira, imalola zokhazo za zipsepse ndi mamba.

Funso langa lalikulu lili pa ziwiya. Ayuda osunga malamulo awo a zakudya otchedwa kosher sasakaniza nyama ndi mkaka, ndipo amakhala ndi mapoto osiyana. Kodi Asilamu ndi a Adventist nawonso amakana chakudya chophikidwa m'poto lomwe kale munaphikidwa nkhumba, ngakhale litatsukidwa bwino? Nanga ndi ulemu kulemba pambali pa mbale iliyonse zimene zathiridwamo, kapena ndibwino kufunsa aliyense payekha msonkhano usanafike? Makamaka ndikufuna kumva kwa inu amene mumasunga malamulowa panokha.