Akukumba golide m'dimba mwanga, ndilowere kuti?

Admin ndibiseni dzina chonde.

Ndine mayi wa kwa Phambala ku Ntcheu, kufupi ndi mtsinje wa Lisungwe. Dimba ndi losiyiridwa ndi malemu amayi, ndimalimamo tomato ndi mpiru. Mwezi wathawu mchimwene wanga anasuka mchenga wa m'khwawa ndi beseni n'kupeza golide, timadontho ngati njere za mpiru. Pakamwa pake simukhala kanthu. Pano kwabwera azibambo atatu ndi mapiki, ati ali ndi pepala la ku Lilongwe ndipo amfumu anawaloleza. Akumba maenje awiri, lina lofika m'khosi, ladya mizere inayi ya tomato. Ndikati ndione pepalalo amangosisita thumba la malaya. Kodi golideyo si wanga, poti dimba ndi langa? Nanga ine sindingatenge chiphaso?

Ndemanga

Bambo wa ku Lizulu: Mayi pepani, golideyo si wanu, si wa amfumunso. Lamulo la migodi la 2023 likuti miyala ya pansi pa nthaka ndi ya boma. Chanu ndi dimba ndi mbewu, ndiye ngakhale wachiphaso ayenera kukambirana nanu ndi kukupatsani chipukutamisozi. Amfumu sapereka chiphaso, chimachokera ku bungwe la boma loyang'anira migodi la MMRA ku Lilongwe, ndipo chimatchula malire a malo. Musangoliona pepalalo, mulijambule pa foni mupite nalo kwa DC.

Mnyamata wa pa Tsangano: Aunt tumizani location tidzathandize kukwirira maenjewo kkkk

Mayi wa ku Dedza: Iwe anzako akulira. Achemwali, chiphaso cha migodi ing'onoing'ono ndi cha Amalawi, inunso mutha kufunsira, makamaka mukapanga kopaletivi ndi anzanu. Mukapeza golide wanu musagulitse kwa mavenda a sikelo za m'thumba, Reserve Bank inayamba kugula golide mu 2021 kudzera ku Export Development Fund. Koma mudziwe, okumbawo akabweretsa mekyule, mankhwala a poizoni ogwirira golide, madzi othirira tomatowo atha ntchito.

Bambo wa ku Balaka: Maenje a mumchenga amagumuka mvula ikangoyamba. Ana asayandikireko.

Mwini funso: Zikomo nonse. Ndawauza azibambo aja kuti mawa ndikupita kwa DC, mmodzi wayamba kundinyengerera ndi K50,000. Sindinalandire. Koma mchimwene uja ndiye akuwaphikira nsima kumaenjeko, ameneyo ndimutani?